Ba Edwell, Wojambula Chete wa ku Matero

Abambo athu a ku parishi ya Matero, mwatidalitsira nkhuku, zikomo. A Cheyamani a bodi, Ba Kasonde, takulandirani. Aka n'kachiwiri kukuonani chigulireni kampani ino, ndipo mwanenepa. Ba Chibwe, manijala wathu, ulemu wanu nawu, ugwireni bwino, muufuna posachedwa. Mlamu wanga Ba Tinenenji, mayi a kunyumba kwa Ba Edwell, ana ndi adzukulu awo, anzanga a pa Situdiyo ya Malimba, otsala pantchito ndi ochotsedwa omwe mwalowera ku geti la kumbuyo mutamva fungo la phwando lotsanzika Ba Edwell, nonse ndakuonani.

Ine ndine Cephas wa ku komboni ya George. Akuti pa chikalata changa cha ntchito analemba kuti dalaivala. Ndimakhulupirira, poti sindinachiwerengepo. Sukulu ndinkaidutsa panja popita kukagulitsa makala. Koma piyano iliyonse ya m'matchalitchi a Lusaka muno imandidziwa, chifukwa ndine ndimaikonza mawu ndi khutu lokha. Andipatsa mphindi zisanu zolankhula. Amene wandipatsayo ndi watsopano pano.

Nkhani yoyamba ya Ba Edwell sindinaione ndi maso anga. Anandiuza ndi malemu Ba Nkole, mlonda wa pa geti, munthu amene ankanama Lachisanu lokha. Akuti chinali chaka cha 1974, situdiyo ino ikadali ya boma. Pa geti panafika munthu woonda ngati bango, suti yobwereka, nsapato zakuda zatsopano zonyezimira. Tsiku lomwelo anamuika kuti ajambule anthu anayi oimba nyimbo za kalasiki pa mavayolini. Achinyamata, nyimbo za kalasiki ndi zija zopanda ng'oma, zosavinika, zimene zimayamba ngati munthu akukuuza miseche kenako n'kuphulika ngati denga lagwa.

Oimba ayamba. Ba Edwell akuyendayenda kuseri kwa makina, mahedifoni kumutu, amva kwii, kwii. Aimitsa. "Pepani, chingwe cha wina chikulira molakwika." Ayambanso. Kwii, kwii. Aimitsanso. Mmodzi wa oimbawo anali dokotala wachikulire wa ku India, munthu waulemu wake. Anachita manyazi, n'kusintha zingwe zonse zinayi. Ayamba kachitatu. Kwii, kwii. Ba Edwell, tsiku loyamba pantchito, n'kuuza anthu a imvi kuti mwina akaphunzire kaye kunyumba. Pamenepo sisitere wina amene ankaimba chivayolini chachikulu chija choimika pansi anakweza mutu n'kunena kuti, "Mwana wanga, tavula nsapato."

Anavula. Kwii anatha.

Munthu wina akanangogula nsapato zina. Koma awa ayi. Awa anaganiza kuti vuto si nsapato zawo, vuto ndi nsapato za dziko lonse. Kuyambira tsiku limenelo palibe analowa mu situdiyo atavala nsapato. Oimba, osesa, mabwana a ku unduna, onse pakhomo. Kunabwera bishopu wina wa kunja kudzaona ntchito yathu. Ba Edwell anamuimitsa pakhomo, n'kuloza kumapazi. Bishopu anayang'ana uku ndi uku, n'kuvula. Sokosi yobowoka, chala chachikulu chili panja, chikudalitsa tonse. Abambo, musaseke, si wa kwanu kuno.

Ine ndinabwera patapita zaka ziwiri, ndipo zina zonse ndinaziona ndekha. Ntchito yathu sinali ya mu situdiyo mokha. Makwaya akuluakulu a nyimbo za Chilatini ankaimba bwino m'matchalitchi mwawo, choncho tinkanyamula makina n'kuwatsata ku komboni. Tsono taganizani. Nyimbo zimenezi zimafuna bata. Bata ku komboni mukalipeza kuti?

Chaka cha 1983 tinapita ku Chawama kukajambula kwaya yophatikiza ya maparishi anayi, anthu makumi asanu ndi limodzi. Kutatsala masiku awiri, Ba Edwell anayenda khomo ndi khomo kupempha bata la maola atatu. Wa chigayo anavomera. Wowotcherera zitsulo anavomera. Mwini taveni anati azimitsa nyimbo ngati dzina la taveni yake lidzatchulidwe mu Misa. Tinamuuza kuti litchulidwa m'Chilatini, sadzalimva. Anakondwa. Panatsala tambala wa mayi wina kuseri kwa tchalitchi. Tambala uja sanamve zopempha. Tinamuvundikira ndi bafa, ndipo amene anakhala pamwamba pa bafa maola atatu dzuwa likuswa mtengo ndi ine, bambo wa ana anayi.

Ndinali pafupi ndi windo, choncho ndinamva zonse. Chawama yense ali zii, mwina koyamba chilengedwere. Kwaya yaima, woimbitsa wakweza dzanja. Ba Edwell akuti, "Dikirani. Nonse khalani phee mphindi imodzi, ndijambule."

"Mujambule chiyani, Ba Edwell? Sitinayambe."

"Chete."

Anthu anayang'anana. Tinayenda masiku awiri kupempha bata kuti munthu adzajambule kanthu kopanda kanthu? Iwo n'kufotokoza, nkhope ili gwa, kuti nyumba iliyonse ili ndi chete wakewake. Chete wa ku Chawama si chete wa ku Kalingalinga. Akamadula tepi ndi lezala n'kulumikiza zidutswa, pakati amaikapo chete wa nyumba yomweyo, kuti khutu lisapunthwe. Chabwino. Anthu anakhala phee. Tepi ikuzungulira. Patapita kanthawi Ba Edwell akweza chala, maso ali chitsinzinire. "Besi wachitatu kuchokera kumanzere, mwadya nyemba. Tiyambirenso."

Besi ameneyo ali pano. Uyo pafupi ndi khomo, Ba Mukupa, kalipentala wa ku Kalingalinga. Imikani dzanja, Ba Mukupa, anthu akuoneni. Mpaka lero akamva kuti Ba Edwell akubwera, amadya phala lokha.

Mlamu, za kunyumba sindinena zambiri. Ndingofunsa. Ndi kangati nyama inawola m'nyumba mwanu ku Matero chifukwa abambo azimitsa firiji kuti amvere nyimbo, n'kuiwala kuyatsa? Musayankhe. Zala zanu sizikwana.

Kenako kunabwera mphepo ija ya kugulitsa chilichonse. Inu mukuikumbuka. Munthu unkagona uli wa boma, n'kudzuka uli wa munthu amene sunamuonepo. Wogula woyamba anayang'ana situdiyo, n'kuona kuti makoma ndi ochindikala, n'kuti apa m'pabwino kusungira mabelo a salaula, zovala za kaunjika zija. Wachiwiri anati tizipanga makaseti. Tinapanga. Koma kaseti yathu inkafika pamsika ife tisanaitulutse, ogulitsa atajambula kale yawo, pachikuto ataika chithunzi cha azungu ali m'chipale. Kwaya ya Mtendere, pachikuto azungu m'chipale! Tinali anthu makumi anayi ndi asanu ndi mmodzi pano. Lero tilipo asanu ndi awiri. Ba Edwell ankatsala nthawi zonse, osati chifukwa chokondedwa, koma chifukwa palibe wina ankadziwa zili m'chipinda cha matepi. Makatoni mazana anayi, tepi iliyonse yaikulu ngati mbale, zonse zimene anajambula chiyambire ntchito.

Wogula wachitatu ndi inu, A Cheyamani, ndipo chaka chatha munatitumizira Ba Chibwe, kakompyuta kukhwapa. Anatiitana tonse mu situdiyo. Anavula nsapato, ndisawanamizire, koma anavula ngati munthu amene akuchotsedwa dzino. Ndiye anati, "Ba mudala, ivi vamatepi na makaseti ni vakudala. Manje nyimbo zizayamba kuyenda pa intaneti. Munthu ali ku London azamvera kwaya ya Matero ali pa bedi yake."

Ine ndinafunsa kuti, kodi ndi intaneti yomwe ili mu ofesi ya mlembi wathu Ba Christine ija? Ija imene ukafuna chithunzi chimodzi umayamba kuona tsitsi pa teni koloko, mphuno pa nkhomaliro, chibwano poweruka? Anthu anaseka. Koma kunena zoona, mawu a Ba Chibwe anandigwira. Mwana wa mchemwali wanga ndi namwino ku Mangalande, monga ana ambiri a m'makomboni athu. Ndinaganiza kuti, mwana uja atamva kwaya ya kwawo ali kutali, angalire ndi chimwemwe. Ba Edwell nawonso anakondwa. Anati, "Zaka zonsezi nyimbo zili m'makatoni. Ziuluke." Ndikunena izi kuti wina asadzanene kuti nkhalamba zinkadana ndi tsogolo. Tsogolo tinalitsegulira khomo tokha.

Ntchito inali yosamutsa nyimbo zonse kuchoka pa matepi kupita mu kompyuta. Ba Edwell anakoka mpando kuti akhale pambali azimvera. Ba Chibwe anati, "Pumulani, ba mudala. Makutu yanu yalema. Kompyuta siilema." Ndipo poti intaneti yathu imayenda ngati ngolo ya abulu, anafuna kuti nyimbo zipepuke. Anailamula kompyuta kuti paliponse pamene palibe phokoso izidula n'kutaya. Anationetsa monyadira. Misa ya ola lathunthu yatsala mphindi makumi anayi. Akuti tapindula.

Tsopano musiye kaye kutafuna.

Inu atsopano simumudziwa Taonga. Anali mwana wachiwiri wa Ba Edwell ndi Ba Tinenenji, ndipo ankaimba m'kwaya ya Matero. Chaka cha 1994 tinajambula Misa yaikulu kumeneko. Pakati pa Misa imeneyo pali malo amene limba limasiya, kwaya yonse imasiya, n'kutsala liwu limodzi lokha, laling'ono ngati ulusi. Linali la Taonga. Atate ake anamubwezera kanayi. "Tsitsa, mwana wanga. Tsitsanso. Usaimbire tchalitchi, imbira munthu mmodzi." Kachinayi anaimba motsitsa mpaka ine, amene ndinagwira chingwe cha maiki, ndinaleka kupuma.

Taonga tinamuika ku manda a Chingwere chaka cha 1997. Inu mukudziwa mmene matenda aja ankatithera zaka zimenezo. Mwa anthu makumi anayi amene anaimba tsiku lija, ambiri ali ku Chingwere kuposa amene ali moyo. Malo okhawo amene amaimabe pamodzi ndi pa tepi ija. Chaka chilichonse, tsiku la Taonga likafika, Ba Edwell ankandiuza kuti, "Cephas, katenge." Sankatchula kuti chiyani. Ndinkapita kukatenga katoni yomangidwa ndi ulusi wofiira, iwo n'kuika tepi pa makina, n'kumvera okha, n'kubwezera.

Ntchito ya kompyuta itatha, Ba Edwell anapempha kuti amvere Misa ija mmene yalowera. Ndinalipo. Limba linasiya. Kwaya inasiya. Nthawi yomweyo kwaya inayambanso, gwaa! Taonga palibe. Kompyuta inamva kaliwu kaja, n'kuona kuti ndi kochepa, n'kukawerengera kuti palibe kanthu. Inamudula n'kumutaya pamodzi ndi chete. Anamvera zina. Paliponse pamene vayolini inanong'ona, paliponse pamene kwaya inatsika, panali chilonda.

Ba Edwell anapita ku ofesi. Inu mukuwadziwa, sakweza mawu. Anati, "Bwana, makinawa akudula nyimbo. Ngakhale mwana wanga amuchotsa. Tiyambirenso, ndizimvera ine." Ba Chibwe anati, "Ah, ba mudala, ni masekondi chabe. Kulibe azaziba. Miyezi itatu ya nchito tingayambenso chifukwa cha masekondi?" Patapita sabata, kalata yopuma pantchito inafika. Akuti zaka zakwana. Zaka zimenezo zinakwana chaka chatha, koma palibe anaziona mpaka tsiku limene munthu anadandaula.

Lachiwiri la sabata yatha ija Ba Chibwe anandiitana. Chipinda cha matepi chikufunika, muikidwa makompyuta oti anthu azilowa kudzatumiza makalata. "Ba Cephas, vonse vili mu kompyuta manje. Aya makatoni mukataye ku Chunga." Ku Chunga, kudzala la zinyalala za Lusaka yense. Ba Edwell anapempha katoni imodzi yokha, ya ulusi wofiira. Anayankhidwa kuti katundu wa kampani sapatsidwa kwa wantchito, malamulo saloleza. Mwamva? Kutaya n'kololedwa. Kupatsa ndiko kuba.

Ndinapakira ndekha. Maulendo atatu a vani. Ba Edwell anaima pakhomo la chipinda akuonerera. Nditanyamula katoni yomaliza, ndinawaona akulowa mu situdiyo atavala nsapato. Zaka makumi atatu ndi chimodzi, koyamba. Palibe anaseka.

Lachinayi kunabwera uthenga. Anandiuza ndi Ba Christine, poti ndi amene anautsegula. Paja nyimbo zathu zinatumizidwa kwa anthu ena a ku Ulaya amene anavomera kuziika pa intaneti kuti dziko lonse lizimvera. Zikuoneka kuti kumenekonso kuli nkhalamba ina ya makutu imene sanaipumitse. Inamvera, n'kulemba kuti: nyimbo zanu n'zokongola, koma wina wazidya. Paliponse potsika palibe. Izi sitingaike. Tumizaninso kuchokera ku matepi enieni.

M'mawa mwake, Lachisanu, ndikutsuka mkamwa panja kwathu ku George, ndimva hutala pa mpanda. Ba Chibwe, suti, tayi, maso ofiira. "Ba Cephas, ba tate, mwauka bwanji?" Ba tate! Chaka chonse ndinali iwe mudala wa vani. "Ba tate, tiyeni ku Chunga manje manje. Munionetse pamene munataya."

Ndine munthu womvera. Ndinawatenga. Tinafika ku Chunga utsi uli tolotolo, ntchentche zikulandira alendo. "Ni pati?" Ndinayang'ana phiri la zinyalala, n'kuloza. "Mwina apo." Anavula jekete, n'kutola ndodo, n'kuyamba kufukula. Ine ndinakhala mu vani, poti pa chikalata analemba kuti dalaivala. Amayi otola mabotolo anawazungulira. Wina anati, "Ba bosi, musakila chani?" "Nyimbo." Anayang'anana, n'kuwamvera chisoni, n'kuyamba kuwathandiza. Anapeza wilo ya njinga. Anapeza theka la wailesi. Anapeza galu amene anamaliza kale za dziko lino. Dzuwa litafika pamutu anabwera pa windo, thukuta lili noninoni, nsapato imodzi yasintha mtundu. "Ba tate, palibe." Ine ndinati, "Kapena ndi uko. Zinyalala zimafanana." Anapita uko.

A Cheyamani, ndaona kuti nkhaniyi mukuimva koyamba. Ba Chibwe amafuna kukuuzani phwando likatha. Ndawathandiza.

Abambo, Loweruka likudzali ndibwera kudzalapa, mundisungire malo kutsogolo. Ndinanama. Ba Chibwe, ndinakunamizani, ndipo ndinakusiyani mufukule tsiku lonse ndikudziwa. Ku Chunga kulibe tepi ngakhale imodzi.

Ba Edwell, khalani pansi. Mlamu, agwireni dzanja.

Lachiwiri lija nditatuluka pa geti ndi katundu woyamba, ndinaima pamphambano, injini ikulira. Kumanzere ku Chunga. Ndinakumbukira mawu a Ba Chibwe omwe, amene ankakonda kunena kuti nyimbo izi zinafa kale. Ndinati chabwino, zinafa. Koma kwathu wakufa sitimutaya kudzala. Ndinakhotera ku Kalingalinga, kwa Ba Mukupa, besi wa nyemba uja. Inu mukudziwa chimene Ba Mukupa amakhoma masiku ano. Mipando anasiya kale. Pa zonse za m'dziko muno, ntchito imodzi yokha imene sinagwe zaka zimenezi ndi ya mabokosi a maliro.

Ndinawauza. Sanafunse kawiri. Anatseka shedi, n'kuyamba kutsegula mabokosi atsopano. Taganizani nokha ngati pali malo ena abwino kuposa amenewo. Mouma, mopanda fumbi, dzuwa silifika, ndipo wakuba wa Lusaka muno, ngakhale wolimba mtima chotani, satsegula. Mabokosi khumi ndi awiri, odzaza mpaka pakamwa, tepi iliyonse yoimika chilili monga mmene Ba Edwell anatiphunzitsira. Sabata yatha kunabwera mayi wina kudzafuna bokosi loyera la zogwirira zagolide. Ba Mukupa anati, pepani mayi, muli kale anthu. Mayi uja anati, anthu? Angati? Iwo anati, kwaya yonse ya Matero. Anathawa osatsanzika.

Achimwene, mundikhululukire kuti sindinakuuzeni. Masiku khumi ndi limodzi mwakhala mukulira maliro achiwiri, ine ndikukuonani. Mlamu ankadziwa, ndipo ankabwera kwathu kudzandikalipira kuti abambo sakudya, tiwauze. Ndinakana. Vuto lanu ndi loti simudziwa kunama. Ba Chibwe akanakufunsani Lachitatu, mukanati ali ku Kalingalinga, bwana, msewu wake ndi uwu. Ndipo akanatumiza dalaivala wina amene amawerenga malamulo. Uthenga wa ku Ulaya utabwera, ndinati ndidikire tsiku limene A Cheyamani, Abambo ndi anthu onsewa akhala m'chipinda chimodzi. Munthu wosaphunzira alibe pepala. Pepala lake ndi mboni.

Tsono, A Cheyamani, matepi ndi anu, ndikudziwa. Sindinabe. Ndinangosochera nawo. Ngati mukufuna kundichotsa ntchito, kiyi wa vani nayu, ndamuika pa tebulo. Koma ndikupempha zinthu pamaso pa anthu. Nyimbo zisamutsidwenso, ndipo pambali pa kompyuta pakhale munthu wa makutu, amene akati imani, ziime. Zikatha, matepi asadzapitenso kudzala, ngakhale kompyuta italumbira kuti yameza zonse. Ine sindikukana intaneti. Nyimbo ziuluke, zikafike kwa ana athu kulikonse kumene njala inawathamangitsira. Mwina mawa sikudzakhalanso kaseti kapena sitolo ya nyimbo, aliyense azidzangotola m'mwamba. Zili bwino. Koma makina amenewa amamva wofuula yekha. Mukawasiya okha, adzatumiza kudziko lonse phokoso lathu, n'kutaya zonse zimene tinanena motsitsa.

Ndipo munthu wa makutuyo, A Cheyamani, mwamupumitsa lero ndi nkhuku ndi zakumwa. Si wantchito wanunso. Simungamuitane ndi kalata. Mukamufuna, nyumba yake ili ku Matero, kuseri kwa tchalitchi. Mupite mukaodire, mukhale pamene akuonetseni, mupemphe. Akavomera, adzagwira masiku amene afuna, maola amene afuna. Ba Chibwe akhale pambali aziphunzira. Ndi mwana wanzeru, ndipo tsopano tadziwa kuti saopa ntchito ya manja.

Mwagwedeza mutu, A Cheyamani? Kugwedeza kwake n'kovomera? Nenani ndi pakamwa, kuno kumbuyo sakuona. Eya! Abambo, mwamva. Ba Christine, lembani, inu mumatha. Kiyi uja ndatenganso.

Ba Edwell, ndakusekani mokwanira. Tsopano ndinene zoona. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi ndanyamula makina anu. Sindinakuoneni mukunyoza woimba chifukwa ndi wosauka. Mayi wogulitsa tomato ku Kanyama munkamuikira maiki mosamala chimodzimodzi ndi dokotala wa vayolini. Malipiro akachedwa miyezi, munkabwerabe m'mawa kudzapukuta makina ndi kansalu kanu. Ine wosadziwa chilembo ngakhale chimodzi, munkandifunsa kuti, "Cephas, khutu lako likuti bwanji?" ndipo ndikanena munkamvera. Palibe wina anandifunsapo zimenezo m'moyo wanga. Anthu a m'makomboni ano anaimba nyimbo zovuta za dziko lapansi atavala mapatapata, ndipo pakadapanda inu, palibe akanakhulupirira kuti zinachitika. Zikomo, achimwene. Mlamu, zikomo potibwereka munthu wanu nthawi yonseyi. Tikubwezani, wakalamba pang'ono, koma ziwalo zonse zilipo.

Kampani yakugulirani mphatso, ili apo m'pepala lonyezimira. Ndikuuzeni kuti musadabwe: ndi wotchi ya pakhoma, ija yolira kuti tiki, tiki. Munthu ameneyu! Mukaipatse mpongozi. Mphatso yeniyeni ili ndi Ba Mukupa. Bweretsani kuno, Ba Mukupa. Mabokosi khumi ndi awiri tinawasiya otseka, koma katoni iyi ndinaipatula.

A Cheyamani, malamulo akuti katundu wa kampani sapatsidwa kwa wantchito. Awa si wantchito. Ndipereke? Zikomo.

Nayi, achimwene. Ulusi wake ndi womwewo. Taonga ali momwemo, yense, palibe wamudula. Pitani naye kunyumba. Mukapume, mukadye, mugone mpaka dzuwa likuwotcheni kumapazi, ndipo Mulungu akusungireni makutu amenewo zaka zambiri.

Inu nonse, imirirani. Ikani mafupa pansi. Munthuyu watikhalitsa chete zaka makumi atatu ndi chimodzi, koma lero sakujambula. Ombani m'manja mpaka akumveni ku Chawama!